Akaitana dzina mwini wake osamva: mafunso ndi mayankho pa za matenda a mgonagona

Amene anafolapo pa chipatala cha Zingwangwa, kaya cha Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, akudziwa mmene m'mawa wa pachipatala cha boma umayendera. Umalawirira kuti ukapeze malo pa benchi. Mlangizi wa zaumoyo kapena namwino amaima kutsogolo n'kuyamba kuphunzitsa, lero za kolera, tsiku lina za kuthamanga kwa magazi. Kenako aliyense amatchera khutu kudikira dzina lake. Ukalowa, adokotala amafunsa kuti "Chikuvuta n'chiyani?" maso ali pa buku, dzanja likulemba. Kufamase mawu amatulukira pa kawindo: awiri m'mawa, awiri madzulo, mukatha kudya. Kuyambira pageti mpaka potuluka, chithandizo chonse chimadzera m'khutu.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu wosamva, amene chiyankhulo chake ndi cha manja, amatuluka ndi chiyani pamalo otere, makamaka ngati matenda ake ndi oti azibwera nawo mwezi ndi mwezi mpaka ukalamba. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu akumva timafunsa nkhaniyi ikayambika.

Kodi kusamvako si matenda kale? Mukukusiyanitsa bwanji ndi shuga kapena BP?

Munthu wosamva akhoza kukhala wathanzi kuposa inu ndi ine. Amasoka, amapala matabwa, amagulitsa mumsika, amabereka ana n'kuwalera. Ena anabadwa choncho. Ena makutu anatsekeka ali aang'ono chifukwa cha malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, kapena mafinya a m'khutu amene anakhalitsa osachizidwa. Matenda amenewo anapita kalekale, ndipo amene watsala ndi munthu wa chiyankhulo china. Akabwera kuchipatala ndi ludzu losatha kapena miyendo yotupa, chimene chamubweretsa si khutu. Ali ndi mtima, impso, mapapo ndi khomo la chiberekero monga wina aliyense, ndipo ziwalo zimenezi zimadwala mosayang'ana kuti mwini wake amamva kapena ayi.

Chichewa chathu chili ndi msampha pamenepa. Timati "wosamva" kwa munthu amene makutu ake sagwira ntchito, komanso kwa mwana wamwano amene safuna kuuzidwa. Wodwala akabwera BP itakwera kapena atadumphitsa tsiku lotenga mankhwala, sitichedwa kunena kuti ndi wosamva malangizo. Kwa munthu amene tikukamba pano, malangizowo sanamufike n'komwe.

Kodi anthu ake ndi ochuluka moti n'kudandaula nazo?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa 1.5 miliyoni a zaka zisanu kupita m'tsogolo anali ndi ulumali wina wake. Mwa amenewa, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, kutanthauza anthu oposa 370,000, anali ndi vuto la kumva. M'chiwerengerochi muli agogo amene makutu atopa ndi ukalamba, muli amene amamva pang'ono, mulinso amene sanamvepo mawu chibadwire.

Ikani pambali pake ziwerengero izi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Shuga inapezeka mwa anthu 5 kapena 6 pa 100 alionse. Kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kachilombo ka HIV mwa akuluakulu pafupifupi 9 pa 100, ndipo mzinda wa Blantyre unali pamwamba pa chiwerengero cha dziko lonse. Palibe chifukwa choganizira kuti matenda amenewa akafika pakhomo pa wosamva amalambalala.

N'chifukwa chiyani mukulimbikira za mgonagona? Malungo nawonso si amapha?

Amapha ndithu. Koma malungo akhoza kuchizika ngakhale awiriwo asakumvana bwino. Abaya pachala, kachipangizo kasonyeza mizere iwiri, apereka LA wa masiku atatu, ndipo ndi zala zokha n'zotheka kusonyeza kamwedwe kake. Matenda a mgonagona ndi ena. Mapiritsi ndi theka chabe la chithandizo, theka linalo ndi kukambirana kwa zaka zambiri.

Titenge BP. Kawirikawiri sipweteka. Munthu akamwa mankhwala mwezi umodzi n'kumva bwino m'thupi, nzeru yachibadwa imamuuza kuti wachira, pokhapokha wina atamufotokozera kuti akasiya, magazi adzathamanganso mwakachetechete mpaka tsiku la sitiroko kapena impso kuleka kugwira ntchito. Ayenera kudziwa kuti mchere wa tsiku lonse, wa m'ndiwo ndi wothira pambale pamodzi, usapitirire kasupuni ka tiyi kamodzi. Ayenera kudziwa kuti mankhwala a HCT amakodzetsa pafupipafupi, amlodipine amatha kutupitsa mapazi, enalapril amatha kuyambitsa chifuwa chouma ndipo sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera. Wakumva akaona zoterezi amabwerera n'kunena kuti, "Adokotala, mankhwala aja akunditupitsa miyendo," ndipo amamusinthira. Wosamva amene sanachenjezedwe amaona kuti mankhwala akumudwalitsa, n'kuwasiya. Ndani angamunene?

Shuga ndiye imaopsa koposa. Amene akumwa glibenclamide kapena kudzibaya insulin, akapanda kudya, shuga imatsika kwambiri: amanjenjemera, thukuta limatuluka, chizungulire chimabwera, ndipo akhoza kukomoka. Chomupulumutsa ndi chaching'ono, madzi kapena tiyi wothira shuga msangamsanga. Koma taganizani munthu amene chimene anatolapo kuchipatala n'choti shuga ndi mdani wake basi. Adzaikana pa nthawi imene ikanamupulumutsa. Wa khunyu akasiya phenobarbitone mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera mwamphamvu. Wa mphumu ayenera kusonyezedwa kapopedwe ka mankhwala ake. Wa ma ARV ayenera kumvetsa chifukwa chake amatengedwa magazi oyeza kuchuluka kwa tizilombo, ndi chimene zotsatira zake zikutanthauza.

Palinso china chimene ife akumva sitichiona. Zambiri za umoyo sitinaziphunzire m'chipinda cha adokotala. Tinazitola pa wailesi, m'minibasi yochokera ku Limbe, pasiwa anthu akunong'onezana chimene chatenga malemu, kutchalitchi kapena kumzikiti, pa benchi lomwelo podikira. Wosamva amadya nsima mbale imodzi ndi abale ake pamene iwo akukambirana mwatsatanetsatane za sitiroko ya amalume, iye n'kungolozeredwa kuti amalume akudwala. Sadziwa kuti BP ili m'banja mwawo. Ngakhale Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, mtima wake ndi kuyimba foni n'kuyankhulana ndi wachipatala.

Bwanji adokotala osangolemba papepala?

Kwa munthu amene anagontha atakula, ataphunzira kale kuwerenga, kulemba kumathandiza kwambiri. Kwa amene anabadwa wosamva, Chichewa ndi Chingerezi zonse ndi ziyankhulo zachilendo zimene sanazimvepo. Chiyankhulo cha manja si Chichewa chochita kujambula m'malere. Chili ndi malamulo akeake, kasanjidwe kake ka mawu, ndipo nkhope, nsidze ndi mapewa zimayankhula nawo.

Sukulu za ana osamva ndi zowerengeka: Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, ndi zina zochepa. Ambiri sanapezeko malo, ena anayamba mochedwa, ena anakhala m'kalasi ya ana akumva zaka zingapo akungoona milomo ya aphunzitsi ikugwedera. Tikawonjezapo zolemba za m'buku la kuchipatala, zimene ndi Chingerezi chodula monga od, bd ndi tds, zoti ngakhale ife a sekondale timakafunsa kufamase, pepala lokha silingasenze nkhani ya insulin.

Nanga si amawerenga milomo?

Imani pagalasi munene kuti "mawa", kenako "m'mawa". Nenani "phala", "bala", "mala". Milomo ikuchita chimodzimodzi. Mawu ambiri amapangidwira m'kati mwa kamwa ndi kukhosi kumene diso silifika, ndiye wowerenga milomo amatola pang'ono, zotsalazo n'kumangolota. Pocheza za mpira kulota kulibe vuto. Pa "mubwere mawa" ndi "muzimwa m'mawa" pali moyo wa munthu. Onjezani kuti adokotala aweramira buku, kapena avala chophimba kukamwa monga zinalili kuyambira 2020 nthawi ya Covid-19, ndiye kuti khomo latsekekeratu.

Chosautsa n'choti wodwala akafunsidwa kuti "Mwamva?" amagwedeza mutu. Amatero mwaulemu, kapena mwamanyazi poona mzere wautali kumbuyo kwake, kapena chifukwa anatopa ndi kukwiyitsa anthu moyo wake wonse. Kugwedeza mutu kumeneko kwanamiza achipatala ambiri a mtima wabwino.

Kwathu kuno wodwala amakhala ndi gadiyani. Wachibale akamasulira, vuto lili pati?

Tiyambe ndi kuthokoza, chifukwa popanda achemwali, amayi ndi ana amene amasiya ntchito zawo kuperekeza m'bale wawo, osamva ambiri sakanalandira chithandizo chilichonse. Koma taonani zimene zimachitika m'chipindamo. Adokotala amatembenukira kwa gadiyani: "Wayamba liti? Akudya?" Awiriwo amakambirana mphindi zisanu, mwini thupi ali chete ngati katundu wobwera naye. Potuluka akafunsa ndi manja kuti anena chiyani, amayankhidwa mwachidule kuti zili bwino, uzingomwa mankhwala.

Mabanja ambiri sadziwa chiyankhulo cha manja chenicheni. Ali ndi zizindikiro zawo za pakhomo zokwanira kunena za kudya, kusamba ndi kutuma kumsika. Zimenezo sizingafotokoze kusiyana kwa shuga yokwera ndi yotsika.

Kenako pali chinsinsi. Mtsikana wa zaka 22 afuna kuyezetsa magazi kapena kutenga njira yolera, womasulira ndi mayi ake. Bambo ali ndi matenda opatsirana pogonana, womasulira ndi mlamu wake. Mayi apezeka ndi kachilombo, ndipo woyamba kumva ndi mwana wake wa Sitandade 6, amene ayenera kupeza njira youzira kholo lake. Mwa mwambo wathu pali nkhani zimene mwana sakamba ndi kholo lake, ndipo pano tikumusenzetsa zomwezo. Lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limateteza chinsinsi cha zotsatira za munthu. Chinsinsicho chimatheka bwanji ngati njira yokhayo yomvera zotsatira zako ndi kudzera mwa wachibale? Ambiri amasankha kusapita. Ndipo ngati amene amamuchitira nkhanza kunyumba ndi yemweyo womuperekezayo, wodwala alibe pothawira ngakhale pamaso pa namwino.

Kodi pali umboni woti zimenezi zimadwalitsadi anthu?

Ku United Kingdom, bungwe la SignHealth mogwirizana ndi yunivesite ya Bristol linayeza anthu osamva pafupifupi 300, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014. Anapeza kuti BP yokwera koma yosadziwika inali yochuluka pakati pa osamva kuposa anthu ena onse, ndipo ngakhale amene ankadziwika kale kuti ali ndi BP kapena shuga, ambiri matenda awo sankayendetsedwa bwino. Limenelo ndi dziko lokhala ndi omasulira ophunzitsidwa ndi malamulo okakamiza zipatala kuwaitana. Ngati kumeneko zinali choncho, sindikuona chimene chingatipangitse kuyembekeza kuti ku Zingwangwa zili bwino.

Nanga amene ali ndi matenda awiri kapena atatu?

Apa ndiye kukambirana kumafunika kowirikiza. Munthu akhoza kumatenga ma ARV pachipatala cha kufupi ndi kwawo, za shuga n'kumakaonedwa kuchipatala chachikulu cha Gulupu. Ma ARV amene ambiri akumwa chiyambire 2019 ali ndi dolutegravir. Mankhwalawa amachulukitsa metformin m'magazi, motero mlingo wa metformin umafunika kuunikidwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu a rifampicin, komanso a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbitone, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir. Wachipatala amadziwa zonsezi, koma amayamba wafunsa kuti, "Pali mankhwala ena amene mukumwa?" Funso limenelo likapanda kufika, kapena yankho likapanda kubwerera, chidziwitso chake sichithandiza kanthu.

Palinso mankhwala amene amawononga makutu, monga gentamicin, streptomycin ndi kanamycin, ndipo kwinini amachititsa makutu kulira. Jakisoni wa kanamycin anagonthetsa anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana amene ankachizidwa TB yosamva mankhwala, mpaka WHO inalangiza zomusiya n'kutsata mankhwala akumwa monga bedaquiline. Munthu amene watsala ndi kumva pang'ono ayenera kuuza achipatala asanabayidwe, chifukwa kochepa komweko ndi chuma chake.

Bwanji osangowapatsa makina othandiza kumva?

Makinawa amathandiza ambiri, makamaka agogo ndi amene amamva pang'ono. Ku Gulupu kuli kiliniki yoyeza makutu imene inatsegulidwa mu 2016, ndipo kumeneko n'kumene kwagwira ntchito Dr Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi. Ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ya African Bible College. Mwana wotuluka mafinya m'khutu apite naye msanga, osathiramo mafuta kapena zitsamba. Koma makina amangokweza mawu. Kwa amene samva konse, kapena amene anakula ndi chiyankhulo cha manja, sasanduliza Chichewa kukhala chiyankhulo chake.

Lamulo likuti chiyani?

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limati alandire chithandizo cha zaumoyo chofanana ndi cha ena onse, atafotokozeredwa ndi kuvomereza okha. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa tsankho pa zaumoyo, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasinthanso bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Anzathu ena anapita patsogolo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa mndandanda umodzimodziwo pali Chichewa ndi chiyankhulo cha manja. South Africa nayo inavomereza chiyankhulo cha manja mu 2023. Komabe pa pepala sitili kumbuyo kwenikweni. Chimene chikusowa ndi munthu woima pakati pa namwino ndi wodwala Lachiwiri m'mawa.

Omasulirawo ali kuti, ndipo awalipire ndani?

Ndi ochepa kwambiri, ndipo omwewo ndi amene timawaona pakona ya kanema wa MBC, kumisonkhano ndi kukhoti. Bungwe la osamva la MANAD, limene ndi limodzi mwa mabungwe a anthu aulumali a mu mgwirizano wa FEDOMA, lakhala likudandaula za kuchepaku kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 linatulutsa buku lotanthauzira mawu a chiyankhulo cha manja cha Malawi. Maziko ophunzitsira alipo tsopano.

Maganizo anga ndi akuti womasulira alipidwe ndi chipatala, monga chimalipirira magetsi ndi magolovesi. Kuuza wodwala amene wavutika kale kupeza ya kabaza kuti abwere ndi womasulira wake ndi kumulipiritsa pakhomo la chipatala chaulere. Sizifuna womasulira pachipatala chilichonse tsiku lililonse. Ubwino wa matenda a mgonagona ndi woti masiku ake amadziwikiratu. Zipatala za mumzinda wa Blantyre zikhoza kugwirizana tsiku limodzi pamwezi loti osamva a BP, shuga, khunyu ndi ma ARV azipeza womasulira. Pa zadzidzidzi, kuyimbirana kwa vidiyo pa WhatsApp kukhoza kubweretsa womasulira m'chipindamo ali kutali.

Yunivesite ya KUHeS ndi Malawi College of Health Sciences zili ndi masukulu mu Blantyre momwemo, ndipo namwino aliyense akanamatuluka akudziwa kupereka moni ndi kufunsa pamene pakupweteka. Tisadzinamize kuti maphunziro a sabata imodzi angakwanire kufotokoza insulin, komabe moni wa manja umauza wodwala kuti pano wafika pa anthu. Chimene ndimachikhulupirira koposa ndi ichi: pa nkhani ya HIV tinaphunzira kuti amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndiye mlangizi wabwino wa mnzake woyamba kumene. Osamva amene akukhala bwino ndi shuga kapena ma ARV aphunzitsidwe, alembedwe ntchito, azilangiza anzawo m'chiyankhulo chawo.

Pamene tikudikira zimenezo, wachipatala angachite chiyani lero?

Alembe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku kuti mwini wake samva, wodwalayo akavomera, kuti nthawi yake ikakwana wina akamukodole m'malo mokuwa dzina katatu n'kudumphira wotsatira. Ayang'ane wodwala, osati gadiyani. Akhale poti kuwala kukumenya nkhope yake, asakuwe, ndipo afunse kaye njira imene wodwala akufuna: kulemba, manja kapena milomo. Pa kathumba ka mankhwala ajambule dzuwa lotuluka, dzuwa la pamutu ndi mwezi, ndi timizere tosonyeza mapiritsi. Tsiku lobweranso alilozere pa kalendala. M'malo mofunsa kuti "Mwamva?" apereke mapiritsiwo m'manja mwa wodwala kuti asonyeze yekha mmene akamwere. Ndipo pa nkhani za kuchipinda, apemphe gadiyani kuti ayambe watuluka, ngakhale kukambiranako kuchedwe. Ndikudziwa kuti wachipatala mmodzi amaona anthu ochuluka zedi pa tsiku. Mphindi khumi zimenezi n'zochepa poziyerekeza ndi masabata a munthu wa sitiroko ali gone mu wodi.

Nanga wodwala mwini ndi banja lake?

Apite ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba. Mafunso awakonzeretu kunyumba. Apemphe kuti manambala a BP ndi shuga alembedwe poonekera, ndipo adziwe kuti BP ikamafika 140 pa 90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, yakwera. Gadiyani amasulire zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, osasankhira m'bale wake zoti amve. Ngati wina wanyozedwa kapena kubwezedwa chifukwa cha kusamva, zipatala za boma zili ndi ombudsman wa pachipatala wolandira madandaulo, ndipo MANAD ndi Malawi Human Rights Commission ndi makomo ena ogogoda.

Kodi pa nthawi ya ngozi zimakhala bwanji?

Anthu a ku Zingwangwa safuna kukumbutsidwa za Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, pafupi pomwepa. Machenjezo ambiri anadzera pa wailesi ndi pakamwa, ndipo usiku anthu anadzutsidwa ndi mkokomo ndi kukuwa kwa anansi. Amene anapulumuka anafika m'misasa ya m'masukulu ndi zovala za m'thupi zokha, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zitapita ndi matope. Wakumva akanatha kuuza namwino wa pamsasa kuti, "Ndimamwa a BP, ndimatengera chipatala chakuti." Kwa wosamva, mbiri yonse ya matenda ake inali m'buku lija.

N'chifukwa chake banja lililonse lokhala ndi wosamva wa matenda a mgonagona lijambule pa foni masamba a buku lake ndi mapaketi a mankhwala, zithunzizo litumizenso kwa wachibale wokhala dera lina. Kapepala kolembapo dzina la matenda, mankhwala ndi nambala yake ya kuchipatala kakulungidwe m'pulasitiki, kazikhala m'thumba limene amayenda nalo. Ndipo mvula ya Novembala isanayambe, agwirizane ndi nyumba yoyandikana nayo kuti chenjezo likamveka usiku, ndani adzalowe kukamugwedeza.